Ndalama za masipika zipite kwa oimba a kumudzi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Chipata, makamaka aja amene akhala akubwera ku zoimba zathu za Loweruka madzulo, zimene timachita nyengo yozizira anthu akatha kukolola. Komiti yathu ikhala pansi Lamulungu likubwerali kukonza za chaka chino, ndipo ndikudziwiratu kuti m'menemo ndikagonja, chifukwa ine pakamwa sindichenjera. Ndine mmisiri wa matabwa ku Kapata. Ndimakhoma zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro, ndipo anyamata akathyola khosi la gitala amabwera nalo kwa ine. Ndiye ndati bola ndilembe, mwina papepala mawu anga angaime bwino kusiyana ndi pamaso pa aphunzitsi.

Nkhani yake ndi ya masipika. Anzanga ambiri m'komiti akufuna kuti ndalama zimene tasunga tibwerekere zokuzira mawu zazikulu, zija amachitira maukwati, pamodzi ndi jenereta yake. Ine ndikuti ayi. Koma ndisanafotokoze chifukwa chake ndivomereretu kuti masipika oyamba kulowa m'holo muja ndinawakankha ndine pa wilibala, thukuta lili kamukamu, ndikudziona ngati ndabweretsa chitukuko.

Tinayamba mu 2024, chaka cha chilala chija, chimanga chitapserera m'minda mpaka boma kulengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi amabwera pakati pa usiku ngati mfiti n'kuchoka tambala asanalire. Makina anga opalira matabwa anagwira dzimbiri. Madzulo kunalibe chochita, TV yazima, foni yatha moto, ana akungoyang'anana ndi makolo awo. Tinakumana anthu atatu: mphunzitsi wina wopuma pantchito, mayi wina wogulitsa tomato ku Saturday Market amene amatsogoleranso kwaya ya amayi, ndi ine. Tinapempha holo ya mpingo wina, ine ndinabwereketsa mabenchi amene mwini wake anali asanamalize kulipira, ndipo tinati pakhomo K10, mwana wobwera ndi kholo lake ulere. Tinayamba Loweruka loyamba la Juni n'kulekeza pakati pa Ogasiti, chifukwa Loweruka lomaliza la mweziwo mungaike chilichonse simupeza munthu, onse amakhala ali ku Mkaika ku Kulamba.

Kuwala kunali kwa nyale ziwiri za sola. Panja tinaika mbaula yowambira ng'oma, imene inasandukanso yootha agogo.

Anabwera anyamata a ku Mchini ndi mabanjo awo a zitini za mafuta, chikopa cha mbuzi pamwamba, zingwe za waya wa mabuleki a njinga, ndi babatoni yaikulu imene woimba amachita kuikhalira. Anabwera amayi ndi mtondo weniweni ndi misi iwiri, nasinja gaga uku akuimba nyimbo za pamtondo, zija zonyogodola apongozi ndi amuna oledzera, mpaka amuna ena kumbuyo anayamba kuwerama. Tsiku lina kunabwera akuluakulu a ku Feni, naimba za ingoma popanda ng'oma, mapazi okha ndi m'manja mwa akazi awo, fumbi la simenti yakale likukwera mpaka kumalata. Zonsezi zinali zabwino. Koma amene andipangitsa kulemba kalata ino ndi mkulu mmodzi wa kumbali ya Chadiza, amene mdzukulu wake anabwera naye Loweruka lachinayi.

Anali wochepa thupi, atavala jekete lalikulu kuposa iwo, ndipo kalimba anakatulutsa m'kathumba ka shuga. Ine monga mmisiri ndinapempha kuti ndikagwireko asanayambe. Kathabwa kake kanali ka mlombwa, kakuda chifukwa cha thukuta la zaka, kogobedwa ndi kasemasema osati tchizulo. Mano ake anali masipoko a njinga osulidwa ndi nyundo mpaka kuphwatalala, koma awiri a pakati anali a ambulera yakale, ndipo iwo anati amenewo ndiwo amayankhula bwino. Pansi panali chipanda, ndipo pachibowo cha m'mbali anamatapo kachikopa koyera kaja kangaude amasungiramo mazira kuseri kwa chitseko. Kachikopako n'kopyapyala kuposa pepala la fodya. Ndiko kamachititsa kuti liwu linjenjemere ngati njuchi ili m'botolo. Atakhala pampando anayamba kusuntha dzino limodzi pang'onopang'ono ndi chikhadabo, akuika khutu, osafulumira, ife tikudikira. Mwana wina analira, amake anamutseka pakamwa ndi bere. Kenaka anayamba.

A Mkonzi, m'holo muja munali anthu odzaza mabenchi onse ndi ena oima m'zipupa, koma munali zii moti kuthetheka kwa makala panja kumamveka. Liwu la kalimba ndi laling'ono. Kuti ukamve uyenera kuleka kutafuna nzimbe, uleke kunong'ona, uwerame pang'ono. Anthu anatero osauzidwa. Mkuluyo anaimba za mtchona amene anapita ku Walale ali mnyamata n'kubwerera imvi zili mbuu, sutikesi ili ndi malaya awiri okha, napeza mkazi wake ali ndi zidzukulu za mwamuna wina. Pena amaimba, pena amangoyankhula pamwamba pa kalimba ngati akucheza ndi munthu wosaoneka, pena amaimba mluzu. Pamene mtchona uja amafunsa njira ya kwawo kwa ana amene sakumudziwa, anthu anaseka. Mayi wina wachikulire pabenchi lakutsogolo sanaseke, anangokoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Kuno kum'mawa ndi banja liti lilibe mtchona wake, wa ku Walale, wa ku Joni kapena wa ku migodi ya ku Kitwe? Amalume anga enieni anapita bambo anga asanakwatire, mpaka lero sitidziwa manda awo.

Mkuluyo atamaliza panapita kanthawi anthu asanaombe m'manja. Usiku umenewo anagona kwanga, ndipo anabweranso kawiri chaka chimenecho.

Chaka chotsatira magetsi anayamba kuonekako, ndipo mwini sitolo wina wa ku Down Shops, munthu wamtima wabwino ndithu, anati atibwereke masipika ake ulere, ife tizingogula mafuta a jenereta. Ndi aja ndinakankha pa wilibala. Anthu anachuluka, ichi sindikana. Phokoso likafika ku msika limaitana lokha. Koma walira mvula walira matope. Masipika atabwera kunabweranso anyamata a kiyibodi, ena ndi kafulashi chabe m'thumba, kungolowetsa m'makina n'kumayendetsa milomo. Kunabwera ogulitsa mowa wa m'mapaketi kuseri kwa mpanda. Ndipo chinthu chimene sindinachiganizire n'chakuti sipika ikamalira munthu amamasuka kuyankhula, poti akudziwa kuti sasokoneza aliyense. Anthu anazolowera kucheza nyimbo ili mkati, kuyankha mafoni, kutuluka ndi kulowa.

Mkulu wa ku Chadiza uja anabwera mu Julayi. Tinamuika pakati pa magulu awiri a kiyibodi. Mnyamata wa pamakina anaika maikolofoni pafupi ndi chipanda, ndipo inalira likhweru loboola m'makutu, ana n'kutseka makutu akuseka. Anaisuntha, inaliranso. Itakhazikika, kunjenjemera kuja kwa kachikopa ka kangaude kunatuluka m'masipika ngati wayilesi yosagwira bwino siteshoni, ndipo mnyamatayo, poganiza kuti waya wina wamasuka, anayamba kupotokola mabatani kuti akuchotse. Sindimuimba mlandu, sanakaonepo kalimba chibadwire. Mkuluyo anapitiriza, maso ali pansi. Kumbuyo wina anakuwa kuti, “Tsabola wakale sawawa, madala apume!” Anthu anaseka, ena mwa iwo omwe aja anali chete chaka chapitacho. Anaimba nyimbo imodzi yokha n'kubweza kalimba m'kathumba.

Titawerenga ndalama usiku umenewo, mafuta a jenereta anadya gawo lalikulu, anyamata onyamula makina anafuna yawo, ndipo mkuluyo tinamupatsa K50. Ndalama imeneyo siikanamufikitsa kwawo iye ndi mdzukulu wake. Ndinawonjezerapo ya m'thumba mwanga, koma manyazi sanachoke. M'mawa tikumwa tiyi ndi mbatata ndinati, “Ambuya, pepani ndi zadzulo.” Iwo anati, “Palibe kanthu amisiri. Kodi anthu aja anabwera kudzamva kapena kudzaonana?” Ndinasowa choyankha. Ndiye anati, “Kalimba n'ka munthu woyenda yekha usiku, sikalimbana ndi msonkhano.” Ponyamuka anandisiyira kalimbako kuti ndikamangitse kawaya kogwira mano, kamene kanali katamasuka, adzakatenga ulendo wina. Ntchito yake inali ya mphindi khumi, akanatha kudikira. Sanabwerenso, ndipo mdzukulu wawo akamayankha foni amangoti ambuya ali bwino, akupereka moni.

Anzanga a m'komiti ali ndi mfundo zawo, ndipo sindikufuna kuwanamizira. Akuti achinyamata sabwera kopanda phokoso. Akuti okhala kumbuyo samva. Akutinso nyimbo zimasintha, kalindula yemwe anayambira pa mabanjo a zitini kenaka analowa magitala a magetsi, ndipo palibe anadandaula. Zoona. Inenso ndinakula m'zaka za m'ma 1970, a Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawayilesi zikhale za m'Zambia, ndipo tinavina magitala a magetsi a Paul Ngozi mpaka nsapato kutha. Kutchalitchi kwathu kuli kiyibodi, ndimaimba nawo. Koma kiyibodi ili ndi kwawo kwambiri. Ili m'mabala onse, ili pa ukwati uliwonse, ili m'minibasi, ili pa David Kaunda Stadium kukabwera oimba a ku Lusaka. Mnyamata wa kafulashi tikamubweza Loweruka lino, Loweruka lomwelo akaimba kwina. Nanga woimba kalimba, kaligo kapena bangwe tikamumiza m'phokoso apita kuti? Za okhala kumbuyo, holo yathu si bwalo la mpira. Chaka choyamba a kumbuyo anamva, chifukwa a kutsogolo anali chete.

Ena akuti chikhalidwe chili kale ndi osunga ake, si ntchito ya kaholo ka ku Kapata. Amatchula Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, Kulamba ku Mkaika, Tuwimba kwa Kalindawalo ku Petauke. Ndimapita ku Kulamba pafupifupi chaka chilichonse ndipo ndimanyadira kuona Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo ali ndi madambwe ake, sadzasowa omuphunzira. Koma miyambo imeneyi ndi ya ng'oma, ya fumbi, ya chikhamu cha anthu. Ndani anamvapo kalimba pabwalo la Mkaika? Zoimbira zazing'onozi malo ake anali pakhonde, kumphala, pa nsanja yolondera anyani kumunda, panjira yochokera kumowa. Malo amenewo ndi amene atha. Pakhonde lero pali foni.

Mphunzitsi wa m'komiti mwathu, amene pa nkhani ino tikutsutsana, ndi yemwe anandimvetsera pafoni yake nyimbo za kalimba zimene mzungu wina, Hugh Tracey, anajambula kuno ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Anandiuzanso kuti mu 1961 wina, John Blacking, anakhala pakati pa Ansenga ku Petauke kulemba mmene amaimbira kalimba. Zojambula za Tracey zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954, ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Ndinamvetsera ndili chiimire m'shopu, utuchi uli m'tsitsi. Kunjenjemera kwake n'komweko kumene mnyamata wathu amafuna kuchotsa ndi mabatani. Zinandiwawa kuti munthu anachoka kutali ndi makina olemera, pa misewu ya fumbi ya nthawi ija tawuni ino ikadali Fort Jameson, kudzafuna liwu limeneli, pamene ife litatibwerera lokha pa basi tinaliseka. Bambo anga ankasimba za wayilesi ija ya Saucepan Special, yooneka ngati poto, imene inafika m'midzi kuyambira mu 1949, ndi mmene mudzi wonse unkazungulira kumvera Alick Nkhata ndi gitala lake lopanda magetsi. Munthu ameneyo anayenda ndi Tracey kujambula nyimbo za m'midzi asanakagwire ntchito ku wayilesi ya ku Lusaka, ndipo lero msewu umene uli ndi nyumba ya ZNBC umatchedwa dzina lake. Ndiye tisamanene ngati nyimbo za phee ndi za anthu otsalira.

Chimene ndikapemphe Lamulungu ndi ichi. Holo ikhale yopanda jenereta. Ndalama imene ikanapita ku mafuta ndi kubwereka makina tiitumize pafoni kwa oimba a kumudzi asananyamuke, ya basi yopita ndi yobwerera, kuti munthu wamkulu asamakongole kwa mwini golosale pofuna kudzatisangalatsa ife. Akafika adye, agone pabwino, ndipo yawo ya m'manja itchulidwe poyera asanaimbe, osati kudikira zotsala. Ine ndikamakhoma chitseko sindiuzidwa kuti tiona zimene zitsale. Mayi wa tomato uja, amene ali mbali yanga ngakhale sayankhula pamsonkhano, akuti tiziyamba 16 koloko m'malo mwa 18, chifukwa mphepo ya Julayi ikayamba kutsika m'phiri la Kanjala amayi a makanda amathawa pulogalamu isanafike pakati, ndipo a njinga zahayala amakweza mtengo kukada. Akunena zoona. Kuyamba dzuwa likadalipo kumachepetsanso aja a kuseri kwa mpanda.

Anyamata a kiyibodi sindikuwathamangitsa. Abwere ndi gitala la bokosi, abwere ndi mawu awo. Mmodzi wa iwo, amene amasoka nsapato pafupi ndi shopu yanga, ali ndi liwu labwino kwambiri limene sindinalidziwe mpaka tsiku lina jenereta itatha mafuta pakati pa nyimbo iye n'kupitiriza yekha. Ndi yemweyo amene masiku ano amalowa m'shopu mwanga masana, kutsitsa kalimba ka ambuya aja pashelefu n'kumayesa ndi zala zake zakuda ndi polishi. Amakhoza kale kanyimbo kamodzi ka ku Sande sukulu, koma akuti mano ena sakudziwa ntchito yake, amamveka ngati olakwika. Si olakwika. Makutu ake anazolowera kiyibodi, ndipo kalimba kali ndi makwerero ake. Ine ndingamupangire kathabwa ndi kusula masipoko, njinga zakufa ku Chipata sizisowa, koma kuchuna kwake sindikudziwa. Amene akudziwa ali ku Chadiza, ndipo tinamupatsa K50.

Ndipemphenso a wayilesi zathu za kuno, Breeze FM ndi Radio Maria, amene amamveka m'midzi yambiri: mutatumiza munthu mmodzi ndi kachojambulira kakang'ono Loweruka lililonse, osati kudzakuza mawu m'holo koma kudzangojambula mwakachetechete, agogo a ku Vubwi, ku Katete ndi ku Lundazi akanamva anzawo, ndipo ena amene anapachika zoimbira zawo kudenga akanazitsitsa. Inunso owerenga, ngati kwanu kuli nkhalamba yoimba kaligo kapena bangwe, kapena mayi wodziwa mkangala, kauta kaja atsikana ankaimbira pakamwa, fikani ku msika wa Kapata mufunse mmisiri amene amakonza magitala. Aliyense akulozerani, ngakhale ena adzayamba akuuzani kuti ndimachedwetsa ntchito.

Kaya komiti ivomera kaya ikana, mvula yatha ndipo msewu wa ku Chadiza wauma. Kawaya kaja ndinamanga kalekale. Kachikopa ka kangaude kanang'ambika, mnyamata wosoka nsapato anakaboola ndi chala mwangozi, ndiye ndakhala ndikusuzumira kuseri kwa zitseko ndi pansi pa mabenchi mpaka mkazi wanga kundifunsa ngati ndataya ndalama. Dzana ndinapeza kabwino m'chimbudzi chakale cha kuseri, ndakasunga m'bokosi la machesi. Sindikamata ndekha, ndikuopa kulakwitsa. Loweruka la mawa ndikwera basi ya m'mawa, kalimba m'kathumba kake ka shuga, ndipo mnyamata uja wati atseka kabenchi kake tsiku limenelo tipitire limodzi.

Ine wanu,
Mmisiri wa matabwa,
Kapata, Chipata